Kompyuta yakupatsani majini 300, ku labu mupita ndi liti?

Kuwerenga DNA ya bakiteriya si nkhani yodabwitsanso. Mukhoza kutenga Salmonella amene wamera m'botolo la magazi a wodwala, kutulutsamo DNA, kukaiwerengetsa pa makina a Illumina, ndipo pakapita masabata ochepa zilembo za DNA pafupifupi 4.8 miliyoni zili pa laputopu yanu. Mukayerekeza mabakiteriya ambiri, kapena mukawerenga RNA yawo (imene imasonyeza zigawo za DNA zimene zikugwira ntchito), pulogalamu imakutulutsirani tebulo la majini (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira puloteni) mazanamazana amene akusiyana. Anthu ambiri amaimira pomwepa n'kulemba lipoti lakuti majini amenewa akukhudzana ndi matenda. Koma labu siingayese majini 300. Kupanga bakiteriya mmodzi wosinthidwa bwinobwino ndi kumuyesa kumadya masabata, mwinanso miyezi, ndipo zipangizo zake timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zimene aliyense kuno akudziwa kuvuta kwake. Pa 300 aja muyenera kutsala ndi awiri kapena atatu, ndipo pa lililonse muzitha kunena chimene mukasinthe, chimene mukayeze, ndi zotsatira zimene zikakuuzeni kuti ganizo lanu silinali loona.

Blantyre ali ndi zitsanzo zake za ntchito imeneyi itayenda mpaka kumapeto, ndiye sitikufunika kukazifuna kutali.

Choyamba ndi chloroquine. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kuchiza malungo ndi SP, amene ambiri amamudziwa kuti Fansidar. Jini limene limapatsa tizilombo ta malungo mphamvu yopirira chloroquine, pfcrt, linadziwika mu 2000, pamodzi ndi kusintha kwake kotchedwa K76T. Ochita kafukufuku atabwerera ku magazi amene anasungidwa kuno zaka zam'mbuyo, anapeza kuti K76T inali m'masampulo 85 pa 100 alionse mu 1992, koma pofika 2000 inatsika kufika pa 13. Manambala amenewa pa okha sanachize munthu. Chimene anabala ndi ganizo loyeseka: ngati chizindikirocho chatha, chloroquine ayenera kuchizanso ana a ku Blantyre. Mu 2005 analiyesa ku Ndirande pa ana 210. Chloroquine anachiza 99 pa 100 alionse, SP anachiza 21 okha. Zikanapezeka kuti chloroquine akulepherabe, bwenzi aliyense atadziwa kuti K76T si nkhani yonse, ndipo zimenezonso zikanakhala zothandiza kudziwa.

Chachiwiri ndi Salmonella Typhimurium wa mtundu wa ST313, amene mmalo motsekula m'mimba basi amalowa m'magazi a ana aang'ono ndi a akuluakulu amene ali ndi HIV. Bakiteriya amene dziko lonse limagwiritsa ntchito pophunzira mtunduwu, D23580, anachokera m'magazi a mwana kuno ku Blantyre mu 2004. Gulu la Jay Hinton ku Liverpool linayerekeza RNA ya D23580 ndi ya mnzake 4/74, wa mtundu wa ST19. Pakati pa majini amene ankasiyana panali pgtE, limene linkagwira ntchito mwamphamvu kwambiri mwa D23580. Atayang'ana DNA ya kutsogolo kwa jinilo, pamalo otchedwa promoter amene amalamula kuti jini liwerengedwe kwambiri kapena pang'ono, anapeza chilembo chimodzi chosiyana. Anachibwezera kuti chifanane ndi cha 4/74, ndipo puloteni ya PgtE inachepa, bakiteriyayo n'kuyamba kufa msanga mu seramu (madzi a m'magazi) ya munthu. Zinasindikizidwa mu 2018. Chitsanzo chimenechi tibwererakonso, chifukwa muli phunziro limene mapulogalamu ambiri amaliphonya.

Musanakhulupirire tebulo lililonse, yambani mwakayikira deta imene yalibala. Mafayilo a FASTQ, amene amasunga zilembo zimene makina awerenga, akafika, muone kaye ngati afika athunthu poyerekeza md5sum (nambala yozindikirira fayilo) ndi imene anakutumizirani, chifukwa intaneti ikaduka pakati fayilo imatha kutsala theka koma n'kumaoneka bwinobwino mufoda. Fayilo ya bakiteriya mmodzi imatha kufika 200 MB, choncho mabakiteriya 100 ndi 20 GB, ndipo ntchito yotere ndi yoyendetsa pa seva mkati mwa tmux (pulogalamu imene imasiya ntchito ikuyendabe ngakhale mutadukana ndi seva) kuti magetsi akazima kwanuko isafere panjira. Kenako FastQC kapena fastp ikuonetseni ubwino wa zilembo. Chilembo cha Q30 chili ndi mwayi umodzi pa 1,000 wokhala cholakwika. Kwa mabakiteriya timafuna kuti malo alionse awerengedwe kosachepera ka 30, apo ayi cholakwika cha makina chimaoneka ngati kusintha kwenikweni. Kraken2 ikuuzeni ngati m'sampulo muli chamoyo chimodzi. DNA ya Salmonella ikalumikizidwa ndi SPAdes n'kutuluka zilembo 9 miliyoni, musasangalale kuti mwapeza chachilendo, m'chubu munalowa mabakiteriya awiri.

Pa malungo vuto limakhala lina. Plasmodium falciparum ali ndi zilembo pafupifupi 23 miliyoni pomwe munthu ali ndi zoposa 3 biliyoni, ndiye maselo oyera ochepa chabe amadzaza zowerengedwa zonse ndi DNA ya wodwala. Magazi a mumtsempha amafunika kusefedwa kuchotsa maselo oyera, ndipo timadontho touma pa pepala timafunika kuchulukitsa DNA ya kachilombo kokha tisanawerengedwe. Komanso kumadera kumene malungo ndi ochuluka, monga ku Chikwawa, mwana mmodzi amatha kukhala ndi tizilombo ta mabanja angapo nthawi imodzi. Nambala ya Fws, imene imayeza kusakanikirana kumeneku, ikatsika pansi pa 0.95, sampuloyo ndi yosakanikirana, ndipo simungaiwerenge ngati kachilombo kamodzi. Majini a var, rifin ndi stevor amabwerezabwereza kwambiri moti zowerengedwa zazifupi zimamatidwa pamalo olakwika. Amenewa amachotsedwa kaye pa chiwerengero.

Tebulo la odwala nalonso ndi deta, ndipo ndi limene limawonongeka mosavuta kuposa zonse. Excel imachotsa ziro wa kumayambiriro kwa nambala ya sampulo, ndiye 00417 imasanduka 417 n'kulephera kulumikizana ndi fayilo yake. Mayina a majini a munthu monga SEPT2 ndi MARCH1 imawasandutsa madeti, mpaka mu 2020 komiti yopereka mayina inachita kuwasintha kukhala SEPTIN2 ndi MARCHF1. Sungani tebulo ngati CSV, muliwerenge mu R kapena Python, ndipo fayilo yoyambirira musaikhudze ndi dzanja.

Deta ikayera pamabwera msampha wa masamu. Salmonella ali ndi majini pafupifupi 4,500. Mukayesa lililonse ndi malire a p (nambala yosonyeza ngati kusiyana kotere kungaoneke mwamwayi chabe) ochepera 0.05, majini 225 adzaoneka kuti akusiyana ngakhale palibe chosiyana chilichonse. Nchifukwa chake mu DESeq2, pulogalamu yoyerekeza RNA, timawerenga padj (p wokonzedwa poganizira kuchuluka kwa majini oyesedwa), osati pvalue. Njira ya Benjamini ndi Hochberg ya mu 1995, imene imapereka padj, imatanthauza kuti mukaika malire pa 0.05 n'kupeza majini 300, muyembekeze kuti pafupifupi 15 mwa iwo ndi abodza, ndipo siikuuzani kuti ndi ati. Muyang'anenso kukula kwa kusiyanako ndi kuchuluka kwa zowerengedwa. Jini limene lachoka pa 2 kufika pa 8 lakwera kanayi, koma limeneli ndi phokoso poyerekeza ndi limene lachoka pa 2,000 kufika pa 8,000. Kubwereza katatu ndiko kochepetsetsa, ndipo kukhale kubwereza kwenikweni: mabakiteriya omeretsedwa padera masiku osiyana, osati RNA ya m'chubu chimodzi yowerengedwa katatu.

Pali cholakwa chimodzi chimene kompyuta siingakonze. Mukatulutsa RNA ya D23580 yonse Lolemba, ya 4/74 yonse Lachinayi, kusiyana kwa mabakiteriya ndi kusiyana kwa masiku zaphatikizana kotheratu. RNA ya bakiteriya imasintha m'mphindi zochepa: chubu chikachedwa pa benchi, chikazizira, mpweya ukachepa, majini ena amadzuka ena n'kugona. Nchifukwa chake timaimitsa bakiteriya nthawi yomweyo ndi madzi ozizira a phenol magawo 5 ndi ethanol magawo 95. Tsiku lililonse pakhale masampulo a magulu onse awiri, ndipo tsikulo lilembedwe m'tebulo kuti mu DESeq2 mulembe ~ batch + condition (tsiku ndi gulu). Musanatsegule mndandanda wa majini, jambulani PCA, chithunzi chimene chimaika sampulo iliyonse ngati kadontho, zofanana n'kuyandikana. Timadontho tikaunjikana malinga ndi tsiku kapena ndi munthu amene anagwira ntchitoyo, chimene mwayeza ndi labu yanu, osati bakiteriya.

Msampha waukulu kwambiri, umene tikufuna tikhalepo pang'ono, ndi wa chibale. Mabakiteriya amachulukana podzigawa, ndiye mwana amatenga zonse za kholo lake, zothandiza ndi zopanda ntchito zomwe. Banja limodzi likafalikira, monga anachitira Salmonella Typhi wa H58 amene anachulukitsa typhoid mu Blantyre kuyambira 2011, zilembo zonse zimene banjalo lili nazo zimafalikira limodzi. Mukafunsa kompyuta kuti ndi zilembo ziti zikupezeka mwa mabakiteriya osamva mankhwala, idzakupatsani mazana, zonse ndi p wokongola. Zili ngati minibasi yochokera ku Ndirande ikafika ku Limbe: anthu onse afika nthawi imodzi, koma woyendetsa ndi mmodzi. Mabakiteriya 200 a banja limodzi si umboni 200, ndi umboni umodzi wojambulidwa ka 200.

Mbiri ya pfcrt yomwe ija ili ndi chitsanzo chake. Atakwatitsa tizilombo ta HB3 (tomva chloroquine) ndi Dd2 (tosamva) n'kutsata ana ake, ofufuza anapanikiza malo okayikitsa kufika pa kachigawo ka zilembo 36,000 pa chromosome 7. Mu 1997 jini limene linkaoneka kuti ndi lolakwa linali cg2, chifukwa linkayenda limodzi ndi kupirira chloroquine. Atalisintha m'tizilombo tamoyo, kamvedwe ka mankhwala sikanasinthe. Jini lenileni linali pafupi pomwepo, koma linali loduka m'tizigawo 13 ting'onoting'ono moti poyamba silinaoneke ngati jini. Umboni womaliza unabwera mu 2002, pamene anaika pfcrt ya tizilombo tosamva mankhwala m'tizilombo timene tinkamva, ndipo tizilomboto tinasiya kumva.

Njira yopewera ndi kujambula kaye mtengo wa chibale. Snippy imapeza zilembo zosiyana, Gubbins imachotsa zigawo zimene bakiteriya anachita kutenga kwa mnzake, IQ-TREE imamanga mtengo. Mukapaka pamtengopo khalidwe limene mukufufuza, funso ndi lakuti latulukira kangati palokha. Kusintha kumene kwaoneka pa nthambi zisanu zosiyana, ulendo uliwonse limodzi ndi kusamva mankhwala, kumalemera kuposa kumene kuli mwa mabakiteriya ambiri a nthambi imodzi. Pulogalamu ya pyseer imalandira mtengowo n'kuchotsera mphamvu ya chibale pa masamu ake. 

Vuto lomweli limabisala mu machine learning, pamene kompyuta imaphunzira pa zitsanzo kuti izineneratu. Mukagawa masampulo mwachisawawa, 80 ophunzitsira ndi 20 oyesera, abale apamimba amagwera mbali zonse ziwiri, ndipo pulogalamu imakhoza bwino kwambiri chifukwa yaloweza banja. Gawani malinga ndi nthambi, chaka, kapena chipatala. Ikaphunzira pa masampulo a ku Blantyre n'kulephera pa a ku Lilongwe, mwadziwa msanga kuti simunapeze chimene mumaganiza. Mukumbukirenso amene deta yanu ikuwaimira. Queen Elizabeth Central Hospital imalandira odwala kwambiri. Amene anachirira kunyumba mulibemo, ndipo wodwala amene anamwa kale mankhwala ogula pa golosale magazi ake nthawi zambiri samera kanthu. Pa Salmonella wa m'magazi, HIV, malungo ndi kunyentchera zimasintha mapeto a wodwala kwambiri, moti mukapanda kuziika mu chiwerengero mudzapatsa bakiteriya mlandu wa zimene zachitika chifukwa cha thupi la wodwalayo.

Tinene kuti zonsezi mwazidutsa ndipo mwatsala ndi majini 40. Apa masamu amathera, pamafunika kudziwa chamoyocho. Ife timayamba ndi kufunsa ngati maumboni osadalirana akuloza malo amodzi. Pa pgtE, RNA inakwera, puloteni inakwera, DNA inali ndi chilembo chofotokoza chifukwa chake, ndipo zinali zodziwika kale kuti PgtE imakhala pa khungu lakunja la bakiteriya n'kumadula mapuloteni a complement amene amapha mabakiteriya m'magazi. Kenako timaona ngati zomwezo zikupezeka mu deta ya anthu ena. Zambiri zili poyera ndipo n'zaulere: ENA, EnteroBase, PlasmoDB, ndi Pf7 ya MalariaGEN imene ili ndi masampulo a malungo oposa 20,000. Jini limene likuoneka mu deta yanu yokha liikeni kumbuyo kwa mzere. Lomaliza ndi funso la ku benchi: kodi muli ndi njira yoyezera zimene jinili limachita, ndi zipangizo zimene zilipo kuno? Jini lokopa kwambiri limene mulibe poliyezera ndi la mtsogolo.

Phunziro la pgtE lija ndi ili. Anthu ambiri akamasefa zilembo zosiyana amasunga zokhazo zimene zikusintha puloteni, zina zonse n'kutaya. Chilembo cha pgtE chinali kunja kwa gawo lopanga puloteni. Sefa yotere ikanachitaya pa sitepe yoyamba. Choncho mukakhala ndi DNA ndi RNA yomwe, tengani jini lililonse limene RNA yake yasintha kwambiri n'kuyang'ana zilembo 200 kapena 300 za kutsogolo kwake. AlphaFold, pulogalamu yoneneratu maonekedwe a puloteni, nayo ili ndi malire ake. Imathandiza kuona ngati kusintha kwagwera pafupi ndi pamene puloteni imagwirira ntchito, makamaka pamene pLDDT (nambala yosonyeza kudalirika kwa chithunzicho) yadutsa 90, koma pansi pa 50 chithunzicho musachidalire, ndipo mapuloteni a Plasmodium ali ndi zigawo zambiri zotere zodzaza asparagine. Siinapangidwenso kuti izineneratu zimene chilembo chimodzi chingachite.

Tsopano lembani ganizolo, pa pepala, musanagwire pipeti. Kunena kuti jini lakuti limathandiza bakiteriya kudwalitsa sikokwanira, chifukwa palibe zotsatira zimene zingakutsutseni. Lembani chonchi: tikachotsa jini ili mwa D23580, mabakiteriya otsala amoyo mu seramu ya anthu athanzi pa mphindi 180 achepa kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi kholo lake; tikalibwezeramo, chiwerengero chibwerera mwakale; mu seramu yotenthetsedwa sipakhala kusiyana. M'chiganizo chimenechi muli chosintha, choyeza, nthawi, kukula kwa kusiyana, ndi njira ziwiri zimene ganizolo lingafere. Mulembenso kuti mubwereza kangati ndiponso muwerengera bwanji. Mukasiya zimenezi mpaka mutaona zotsatira, mtima umasankha masamu amene akukomerani, ngakhale kwa munthu woona mtima. Seramu ndi ya anthu, ndiye chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wokhudza anthu, monga COMREC kapena NHSRC, chiyambe chapezeka.

Ku benchi, Salmonella amachotsedwa jini ndi njira ya lambda Red imene Datsenko ndi Wanner anafotokoza mu 2000. Bakiteriya wosinthidwayo muwerengenso DNA yake yonse, chifukwa posintha pamatha kulowa cholakwika china kwina kapena plasmid (kachidutswa ka DNA kapadera m'bakiteriya) n'kutayika, ndiye mungamayeze chinthu chimene simukuchidziwa. Muone kaye ngati akukula mofanana ndi kholo lake mu LB, chakudya wamba chomeretsera mabakiteriya. Bakiteriya wofooka amafa msanga paliponse, ndipo zimenezo sizinena kanthu za complement. Poyesa, amaikidwa mu seramu pa 37°C pafupifupi 1 miliyoni pa mililita, n'kumawerengedwa pa mbale pa mphindi 45, 90 ndi 180. Seramu yotenthetsedwa pa 56°C kwa mphindi 30 ilibenso complement yogwira ntchito, ndiye ndi imene imakuuzani ngati wakuphayo ndi complement kapena china. Seramu igawidwe m'timachubu ting'onoting'ono pa -80°C, chifukwa ikasungunuka n'kuumanso mphamvu yake imatsika. Firiza ikazima usiku wonse, zotsatira za sabata imeneyo musaziphatikize ndi zakale musanayesenso ndi bakiteriya amene mukudziwa kale kafedwe kake. Kubwezera jini kuja ndi sitepe imene anthu amakonda kudumpha akatopa, komatu ndi imene imasonyeza kuti simunawononge jini loyandikana nalo.

Pa malungo muyezo wake ulipo wokhazikika, ndipo ndi wofunika kwa ife amene timadalira LA kuyambira 2007. Jini la kelch13 linadziwika mu 2014, ofufuza atayerekeza DNA ya tizilombo timene anatizoloweza artemisinin (mtundu wa mankhwala umene uli mu LA) mu labu kwa zaka 5 ndi ya kholo lake, n'kuona kuti jini lomwelo linali losintha m'tizilombo ta ku Cambodia. Lero kusintha monga R561H kwapezeka ku Rwanda. Mukapeza chilembo chatsopano mu kelch13 m'masampulo a kuno, chimenecho pachokha si umboni wa kusamva mankhwala, chifukwa jinili lili ndi zosintha zambiri zopanda vuto. Muyezo wake ndi kutenga tizilombo ta msinkhu wa maola 0 mpaka 3 chilowereni m'selo lofiira, kutiika mu dihydroartemisinin (mtundu wa artemisinin) wa 700 nM kwa maola 6, kutsuka, n'kuwerenga totsala pa maola 72. Totsala tikaposa 1 pa 100 poyerekeza ndi tosapatsidwa mankhwala, mpamene nkhani imayamba. Msinkhu ukasakanikirana zotsatira zimasokonekera, chifukwa kupirirako kumaoneka pa tizilombo tating'ono kwambiri tokha, ndipo kutsuka kosakwanira kumasiya mankhwala amene amapitiriza kupha.

Nthawi zambiri bakiteriya wosinthidwa amachita chimodzimodzi ndi kholo lake. Musanalitaye ganizo, onani zinthu zitatu. Kodi jinilo limagwira ntchito mu mkhalidwe umene mwayeseramo? Gulu la ku Liverpool linayerekeza D23580 ndi 4/74 m'mikhalidwe 16 yosiyana chifukwa majini ambiri amadzuka pokhapokha pakakhala asidi, chitsulo chochepa kapena mpweya wochepa, ndipo qPCR (muyezo wa kuchuluka kwa RNA ya jinilo) ya tsiku limodzi ingakuyankheni. Kodi pali jini lina limene likugwira ntchito yomweyo? BLAST (kufufuza zigawo zofanana) ya jinilo pa DNA ya bakiteriya yemweyo imaonetsa abale ake, ndipo mwina pafunika kuchotsa awiri. Kodi muyezo wanu ukanatha kuona kusiyana kwa kukula kumene munalemba? Ngati mbale za kholo lokha zimasiyana kasanu tsiku ndi tsiku, kusiyana kwa kawiri simungakuone. Zitatuzi zikakhala bwino, lembani m'tebulo lija kuti jini ili layesedwa, mu mkhalidwe wakuti, ndi seramu yakuti, ndipo silinasinthe kanthu. Kenako bwererani pa mtengo wa chibale mukaone zilembo zina zimene zili pa nthambi imodzi ndi jini limenelo, kuyambira ndi zoyandikana nalo.